Mwala wokhakhala ndi anthu amene amatinola

Pa miyala yonolera mipeni ya m'sitolo pamalembedwa manambala: 140, 325, 600, 1200, ina mpaka 8000. Ambirife timaganiza kuti nambala yaikulu ndiye katundu weniweni, monga timachitira pogula foni. Koma nambalayo imangonena kukula kwa timibulu todya chitsulo. Ikakhala yaing'ono, timibuluto n'tatikulu ndipo mwalawo ndi wokhakhala. Ikamakwera, mwala umanka nusalala.

Ndakhala ndikuwerenga za miyala ya dayamondi chifukwa ndikufuna kugula umodzi, ndipo thumba silikulola iwiri. Dzinalo lisakuopseni, si mphete ya ukwati ayi. Ndi chitsulo chafulati chimene pamwamba pake anamatapo timibulu ta dayamondi ndi nickel. Dayamondi wakenso ndi wopanga m'fakitale, luso limene Tracy Hall anakwanitsa mu 1954 ali ku General Electric ku America. Pa muyeso wa Mohs, woyezera kulimba kwa miyala, dayamondi ali pa 10, pamwamba penipeni, ndiye palibe mpeni womukanika. Kampani ya DMT ya ku America mwala wake wokhakhala imaulemba 325, timibulu take ndi ma micron 45, pomwe wa 1200 timibulu take ndi ma micron 9 okha. Miyala ya Atoma ya ku Japan imayambira pa 140.

Ngati mpeni wabunthiratu, wofunika ndi wokhakhalawo. Chifukwa chake n'chosavuta. Mpeni wobuntha, kumene kumayenera kudula kumakhala kutazungulira, ndipo kuti uthwenso pafunika kuchotsa chitsulo mbali zonse ziwiri mpaka zikumane. Mwala wosalala umadya pang'onopang'ono kwambiri. Munthu umatopa, dzanja limayamba kugwedera, ndipo pomaliza umakhala ndi mpeni wowala bwino umene ukungotsetsereka pa tomato. Pa wokhakhala ntchito imaoneka msanga. Ukafika pofunika, kachitsulo kopyapyala kamapindikira mbali inayo, ndipo umakamva kakukanda ukapititsa chala mosamala kuchoka kumsana kwa mpeni kutsikira kodulira.

Mpeni wowala wosadula tomatowo ndi umene wandilembetsa izi, chifukwa ndimauona mwa ife amene tinatuluka ku koleji zaka zochepa zapitazi. Munthu walemba ndakatulo, kalata yofunsira ntchito kapena pulani ya bizinesi, n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Mayankho ake mukuwadziwa kale: timoto titatu, "zili bho", "pitirizani amwene". Umenewo ndi mwala wa 8000 pa mpeni wobuntha. Palibe wanama kwenikweni, koma palibenso chachoka. Kalata ija imapita ku maofesi makumi awiri ili chimodzimodzi, ndipo mwini wake amayamba kukhulupirira kuti kunja kuno n'kwa odziwana okhaokha. Za odziwanazo ziliko ndithu, sindikutsutsa. Komanso ndime yoyamba ya kalatayo sinkanena kanthu, ndipo tonse tinaona, tinangokhala chete kuti tisadane. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tinasankha kusisita khutulo.

Ndikanatha kuimira pomwepa n'kunena kuti tiyeni tiziuzana zoona ngakhale zipweteke. Koma mwala womwewo ukundiletsa. Kumbukirani mpeni wa kukhitchini kwa agogo, umene wakhala ukunoledwa pa mwala kapena pa simenti ya pakhonde kwa zaka zambiri. Unatsala kamzere kopyapyala, kolowa m'kati pamimba. Kunola kulikonse kumachotsa chitsulo, ndipo chochokacho sichibwerera. Mwala wokhakhala umachotsa chambiri. Munthu wonola mpeni wake pa 140 sabata iliyonse ndiye kuti akuutha, ngakhale iye akuti akuusamala.

Anthu ankhanza amaikonda kwambiri nkhani ya mwala wokhakhala. Bwana wokalipira wantchito pamaso pa anzake, mphunzitsi wowerenga mayankho olakwika a mwana mokweza kuti kalasi iseke, malume onyoza digiri yako pa maliro, onsewa akafunsidwa amati akukuthandiza, dziko silinyengerera. Nanga tiwasiyanitsa bwanji ndi mnansi wotsina khutu uja, popeza onse amapweteka?

Ine ndimayang'ana dzanja logwira mpeni. Wonola weniweni amayamba wauona kaye mpeniwo: kodi wabenthuka, wabuntha, kapena wangochepa mphamvu pang'ono? Wongochepa mphamvu safuna mwala wokhakhala n'komwe. Akayamba kunola amasunga kapendekedwe kamodzi, madigiri 15 mpaka 20 pa mipeni yambiri ya kukhitchini, ndiye kuti akudya malo amodzi amene wasankha, kwina konse osakhudza. Kachitsulo kopindika kaja kakangomveka kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga, amatembenuza, kenako amasiya. Wankhanza sadziwa posiyira chifukwa analibe chimene amafuna kufikapo. Lero akunena za kalata yako, mawa za kavalidwe, mkuja za kwanu kumene unachokera. Amakanikizanso kwambiri. Pa mwala wa dayamondi kukanikiza kumazula timibulu tija mu nickel, mwala n'kutha usanakwane nthawi yake. Mawu a munthu wokalipa tsiku lililonse amathanso choncho, anthu amangozolowera phokosolo.

Chimene chikundivutabe ndi china. Mwala wa kumudzi, ngakhalenso miyala yonolera ndi madzi ya ku Japan, imadyeka pamene ikudya mpeni. Pakapita nthawi imakumbika pakati. Wa dayamondi sukumbika, umakhala wafulati, moti ena amaugula kuti aziwongolera miyala inayo. Ndiye ndimadzifunsa kuti mlangizi wabwino ndi uti. Alipo amene amadyeka nawe limodzi, monga mayi amene akakudzudzula usiku womwewo nawonso sagona. Mawu awo amalowa chifukwa ukudziwa kuti awalipirira. Koma mwala wokumbika umatengera maonekedwe a zimene wakhala ukunola, ndipo anthu otikonda amatizolowera mpaka zokhota zathu amayamba kuziona ngati zowongoka. Kwinaku kuli mlendo: wochonga mayeso, mkonzi wa nkhani, gulu lofunsa mafunso pa intavyu. Sakutaya kanthu, sakudziwa kuti unabwereka ndalama ya minibasi kuti ufike. Ndi wafulati, n'chifukwa chake akanena kuti apa papindika nthawi zambiri amakhala akulondola. Ineyo pofuna kudziwa pamene ndaima ndimapita kwa mlendoyo. Pofuna kusintha ndimamvera amene akudyeka nane. Sindinaone munthu mmodzi wokhala zonse ziwiri kwa nthawi yaitali.

Fanizoli lilinso ndi polekezera pake, eti. Mpeni sufunsidwa ngati ukufuna kuthwa, ndipo ntchito yake anaisankha kale ndi amene anausula. Munthu ali ndi pakamwa. Mnzako akakuonetsa ndakatulo imene walembera malemu bambo ake, mwina sakufuna kukhala mlakatuli, akungolira. Kutulutsa mwala wa 140 pamenepo chifukwa choti iwe umanena zoona ndi kusamva. N'chifukwa chake mnzanga akanditumizira cholemba ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna kupita nacho kuti. Akati ku mpikisano kapena kwa olemba ntchito, sindimusisita. Akati amangofuna ndione, ndimawerenga basi.

Za mwala wogula uja, ndatsimikiza za wapakati pa 300 ndi 400. Wa 140 umasiya mikwingwirima yakuya imene imafuna mwala wina woifufuta, ndipo mipeni yanga sinabenthuke, yangobuntha. Akuti ukakhala watsopano umalusa kuposa nambala yake, kenako umafatsa ukanola mipeni ingapo, ndiye ndidzayambira pa mpeni wotchipa wosendera mbatata. Kachitsulo kotsalira kaja ndidzakachotsa pa lamba wakale wachikopa. Ndikamaliza ndiziupukuta uume, chifukwa pansi pa dayamondiyo pali chitsulo wamba chimene chimachita dzimbiri.