Mfundo Zisanu Zochokera kwa Wobwereketsa Magetsi Ojambulira

Kuchokera ku Njuli mpaka ku Namitambo, Loweruka silidutsa popanda ukwati kapena chinkhoswe. Maso athu amakhala pa akwati ndi pa wojambula zithunzi. Koma kumbuyo kwa wojambulayo kuli munthu wina amene wamubwereketsa fulashi, mababu, maambulera ndi zitsulo zoimikira. Kabizinesi kameneka n'kakang'ono, abale ndi alongo, koma katiphunzitsa zambiri tikakhala pansi n'kukalingalira.

1. Kuwala tanyamulaku n'kwa ena. Taonani mkwatibwi wavala diresi yoyera mbee, khungu lake lakuda bwino. Mukamuwombera fulashi pamaso penipeni, diresi imayera mpaka maluwa ake osaoneka, thukuta la pamphumi n'kumanyezimira. Wodziwa ntchito amatembenuzira kuwalako pa ambulera kapena kudenga loyera, kuti kubwerere kofewa. Nkhope imatuluka mmene Mulungu anaiumbira. Mwini magetsi saoneka pachithunzipo, koma luso lake lili paliponse. Kodi ife timakondwa mnzathu akaoneka bwino chifukwa cha thukuta lathu, kapena timafuna dzina lathu litchulidwe kaye?

2. Tikonzeke kukanali kowala. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kuzimazima kunatenga miyezi yambiri. Komatu perekaniperekani sadikira ESCOM. Magetsi akathima holo ili yodzaza, amene anatchaja mabatire dzulo lake n'kunyamula ena apadera amapitiriza ntchito, pamene mnzake wangogwira pakamwa. Mavuto sagogoda pakhomo. Khalidwe limene tidzaonetse tsiku loipa tikulimanga lero, zinthu zikuyenda bwino.

3. Mpamba si wa ndiwo. Zida zimenezi zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo m'masitolo a ku Limbe inakwera. Babu likapsa, ndani angagule lina? Ndi uja amene pa ndalama iliyonse yolowa pa Airtel Money kapena Mpamba ankapatulako kangachepe ka zida, ngakhale kunyumba kukufunika ndiwo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kudziletsa kumawawa lero, koma ndi kumene kumasunga mbale ya ana athu ya mawa.

4. Kukhulupirika kumayenda mbali ziwiri. Wobwereketsa wanzeru amayatsa fulashi pamaso pa wobwereka, onse awiri n'kuona kuti ikuyaka, kenaka amalemba m'kabuku: maambulera awiri, waya mmodzi, mabatire anayi. Kulemba si kukayikirana ayi, ndi kuteteza ubale. Wobwereka abweze katundu wamoyo ndi panthawi yake, chifukwa Lamlungu wina akumudikira. Nayenso mwini katundu asapereke waya wodukaduka ali chete, poganiza zodzalipiritsa mnzake. Ku Chiradzulu timadziwana. Mbiri ya munthu imafika ku Mbulumbuzi iye asanakwere minibasi. Nanga tikabwereka khasu, njinga kapena ndalama za kubanki m'khonde, timabweza motani?

5. Ntchito yogwiridwa bwino imapitirira mwini wake. Boma lathu lino la Chiradzulu likudziwa mphamvu ya chithunzi. Mbusa John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900. Mu 1914 anajambulitsa ali ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira Chilembwe anaphedwa ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa, koma chithunzicho chinatsala. Mu 2022 Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaimika chiboliboli chochokera pachithunzi chomwecho ku Trafalgar Square mumzinda wa London. Kodi wojambula uja ankadziwa kuti ntchito ya tsiku limodzi idzalankhula patatha zaka zoposa 100?

Ifenso sitisankha kuti ntchito yathu iti ndi imene idzakumbukiridwe. Chithunzi cha wophunzira womaliza maphunziro ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi, kapena cha gogo atanyamula chidzukulu, chingakhale chokhacho chimene banja lidzatsale nacho. Choncho tisanene kuti kantchito aka n'kachabe. Kaya tili kumunda, m'kalasi kapena pamsika, tiyeni tigwire ntchito ya lero ndi mtima wonse ndi manja oyera, chifukwa anthu amene adzapindule nayo ena mwa iwo sanabadwe.