"Ankangokhala Pakhomo"

Munthu wa ku Capital Hill kapena wa ku banki ku City Centre akafunsidwa kuti mayi ake ankagwira ntchito yanji, kawirikawiri amayankha mosaganizira kuti, "Aa, ankangokhala pakhomo." Mawu akuti "kungokhala" ndi bodza lofunika kulapa, makamaka mwezi uno wa Okutobala pamene Mpingo ukupemphera Korona, ndipo pa 15 dziko likukumbukira Tsiku la Anakubala.

Akhristu ambiri a mu Lilongwe amadziwa parishi ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco ku Area 23. Ochepa ndi amene amadziwa dzina la mayi amene anabereka woyera ameneyu, Margherita Occhiena. Anali mlimi wa m'mudzi wa Becchi ku Italy, wosadziwa kuwerenga ngakhale kulemba. Mwamuna wake anamwalira mu 1817, n'kumusiyira anyamata atatu ndi apongozi odwaladwala. Giovanni, mwana wotsiriza, anali asanakwanitse zaka ziwiri. Katekisimu yonse mayiyu anali nayo m'mutu, ndipo ndiye anakonzekeretsa mwana wakeyo kulapa ndi kulandira Ukaristia koyamba.

Giovanni atakhala wansembe n'kuyamba kusonkhanitsa anyamata osowa pokhala mumzinda wa Turin, anazindikira kuti sangawalere yekha. Mu 1846 anapita kukatenga mayi ake, ali ndi zaka 58, msinkhu woti munthu azipuma n'kumasewera ndi zidzukulu. Kwa zaka khumi, mpaka imfa yake mu 1856, Margherita ankaphikira, kuchapira ndi kusokera zigamba ana a anthu ena ku Valdocco. Mnyamata wamasiye atafika usiku atanyowa ndi mvula, anamudyetsa, kumuyalira pogona, n'kumuuza mawu ochepa asanagone. Mwambo wa a Salesian wolankhula ndi ana mwachidule usiku uliwonse unayambira pamenepo. Tsiku lina anyamata atapondaponda dimba lake la ndiwo pomasewera, anatopa n'kuuza mwana wake kuti akubwerera kumudzi. Don Bosco sanayankhe kanthu, anangoloza mtanda umene unali pakhoma. Mayiyo sanachoke.

Don Bosco amadziwika ndi njira yolerera ana mowafotokozera zifukwa, mwachipembedzo ndi mwachikondi, osati ndi chikoti. Anthu alemba mabuku ambiri za njira imeneyi, koma mwini wake anayamba kuiona kwa mayi wosadziwa kulemba dzina lake. Mu 2006 Mpingo unalengeza kuti Margherita ndi Wolemekezeka.

Paulo Woyera anaona zomwezi mwa Timoteo. Mu 2 Timoteo 1:5 akumukumbutsa kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Mtumwiyo sakudzitama kuti ndiye anadzala mbewuyo. Anaipeza itamera kale pakhomo.

Kholo la lero likamadzutsa mwana n'kumugwira dzanja kuti achite chizindikiro cha mtanda, likamaletsa mwana kulandira chinthu ndi dzanja lamanzere, likamasunga nsima ya amene sanafike, silikutsata buku lililonse. Likubwereza zimene mayi uja "wongokhala" ankachita tsiku ndi tsiku popanda malipiro, tchuthi kapena penshoni. Ngakhale mawu amene bambo amatonthozera nawo mwana wotentha thupi pakati pa usiku, akawamvetsera bwino, ndi a mayi ake.

Izi sizikudzudzula amayi amene amalawirira kuntchito. Ambiri mwa iwo ndiwo akulipira lendi ndi fizi, ndipo akaweruka ntchito yachiwiri imawadikira kunyumba. Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya za banja ya mu 1981, anateteza ufulu wa amayi wogwira ntchito zapagulu, ndipo anapemphanso kuti ntchito ya mayi pakhomo izindikiridwe ndi kulemekezedwa ndi onse. Vuto lili pena. M'nyumba zambiri zampanda ku Area 10, 12, 43 ndi 47, mwana amatha tsiku ndi mtsikana wantchito, wailesi yakanema ndi foni. Makolo amachoka m'mamawa pothawa mndandanda wa magalimoto, n'kubwerako ana akusinza. Zimene mayi wakale ankaphunzitsa pang'onopang'ono akusenda mbatata, tsopano zilibe nthawi yake. Sukulu yodula imaphunzitsa Chingerezi chabwino, koma Tikuoneni Maria sali pa ndandanda wa maphunziro.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'nyumba zina mphunzitsi uja alipo ndithu. Anabwera kuchokera ku Dedza kapena ku Mchinji kudzalandira chithandizo chakuchipatala, n'kupatsidwa kachipinda ka kuseri. Zidzukulu zimamupatsa moni wa Chingerezi zikudutsa, iye n'kumangomwetulira. Pa 15 adzalandira chitenje ndi keke, adzajambulidwa chithunzi choika pa Facebook, koma palibe amene adzamufunse maganizo ake pa za mwana amene wayamba mwano. Don Bosco sanatumizire mayi ake mphatso ku Becchi. Anawatenga n'kuwapatsa udindo pa ana amene ankalera.

Mabanja amene akupemphera Korona madzulo mwezi uno, kunyumba kapena kumphakati, ali ndi poyambira. Wailesi yakanema izimitsidwe, agogo aitanidwe kuchokera kuseri kuja, akhale pampando wa pabalaza, ndipo atsogolere m'Chichewa chimene anaphunzitsira ana awo. Bambo wa pakhomopo agwade pamodzi ndi ana ake n'kumayankha.