Chiperoni Sichibwera Modzidzimutsa

Chaka chilichonse Meyi akamatha, mphepo yonyowa yochokera kunyanja yamchere imadutsa ku Mozambique, cha kuphiri la Chiperone, n'kudzaunjika mitambo pamapiri a Thyolo ndi Mulanje. Dzuwa limabisala masiku angapo, mvula yamawawa imawaza osalekeza, chifunga n'kuphimba minda ya tiyi kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Makwasa. Nthambi yoona zanyengo imalengezeratu pa wailesi kuti chiperoni chikubwera, ndipo ngakhale mwana wasukulu amadziwa kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira. Chodabwitsa n'chakuti vuto lodziwikiratu chonchi ndi lomwe sitilikonzekera.

Tikamati ngozi zogwa mwadzidzidzi, maganizo athu amathamangira ku madzi osefukira, chilala ndi namondwe. M'pomveka. Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo chakum'mwera, ndipo Thyolo linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi, kulowa m'malo mwa lija la 1991. Koma kuzizira sikugwetsa mlatho, sikukokolola mudzi, kotero palibe amene amakujambula. Gogo amene wamwalira ndi chibayo mu Julayi timangoti wapita ndi ukalamba. Khanda lobanika m'chifuwa timati ladwala chifuwa cha nyengo. Palibe amene amalemba m'kaundula kuti m'nyumbamo munalibe bulangete.

Wina anganene kuti kuno si ku Ulaya. Zoonadi, ku London makhonsolo amatsekula malo ogona a anthu osowa pokhala nyengo ikalosedwa kuti ifika pa digiri 0, pamene ku Thyolo sitiona madzi akuundana. Komatu thupi silizizidwa ndi nambala yokha. Munthu wonyowa, wanjala, wogona pamphasa pansi pa denga lothonya, mphepo ikulowera pazenera lotseka ndi thumba la feteleza, amatha mphamvu ngakhale kuzizira kutangotsikira cha m'madigiri 10. Nyumba zathu ndi zovala zathu zinakonzedwera dzuwa.

Ku Thyolo nkhaniyi ili ndi mbali ina imene maboma ambiri alibe. Tiyi amaphuka kwambiri ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'pamene maesiteti monga Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Conforzi amafuna manja ambiri othyola masamba. Mvula ikakata masamba amachepa, ntchito yaikulu imakhala yodulira mitengo, ndipo ambiri mwa olembedwa panyengo amabwerera kwawo. Ndiye kuti malipiro amaduka mwezi womwewo umene mphepo ikuyamba. Kwawo komwe akubwererako ndi kumidzi yothithikana m'mphepete mwa maesiteti, m'boma limene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000, komwe kamunda ka banja sikatulutsa chimanga chokwana chaka. Ndalama yochepa imene yatsala imapita ku ufa. Bulangete la pakaunjika limadikira.

Nkhuni nazo n'zosowa. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse ndi nkhwangwa ndi makasu. Mitengo ya bulugamu imene imaoneka yobiriwira m'mbali mwa msewu ndi ya maesiteti, yoyatsira moto woumitsira tiyi m'mafakitale, ndipo ili ndi alonda ake. Mayi amene alibe nkhuni amagula kamulu ka makala, kulowetsa mbaula m'nyumba, kutseka chitseko ndi kutsekera nsanza m'mipata yonse kuti ana afundidwe. Mpweya woipa wa makala sununkha ndipo suoneka. Anthu amangomva mutu, tulo n'kuwagwira, ena osadzukanso. Uthenga woti mbaula isagone m'nyumba yotseka ndi wotsika mtengo kuposa wina uliwonse, koma sitiumva kawirikawiri pamisonkhano ya mafumu ngati momwe timamvera wa kolera.

Nanga osowa pokhala ku Thyolo ndi ndani? Tikamayang'ana anthu ogona m'misewu ngati a ku Limbe kapena ku Johannesburg tidzati kulibe. Koma yendani usiku pamsika wa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa Thyolo boma. Mupeza ogulitsa masamba ndi nthochi atadzipinda m'zitenje pambali pa katundu wawo, kudikira kuti kuche. Mupeza wodwala misala pakhonde la sitolo, atafunda makatoni. Mupeza mlonda wokalamba atakumbatira kamoto ka mapepala. Onjezani odikirira odwala m'zipatala, okalamba olera zidzukulu zamasiye, ndi mabanja amene nyumba zawo zinagwa ndi mvula ndipo anangozimata pang'ono. Onsewa ali ndi kwawo, koma usiku wa chiperoni alibe pobisala.

Kale yankho la boma kwa munthu wopezeka panja usiku linali chitokosi. Mu Januwale 2017, pamlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda wa ku Blantyre, Bwalo Lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo limene apolisi ankamangira anthu poti ndi oyendayenda likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulocho chinachotsa unyolo, koma sichinapereke denga. Ntchito yotsalayo ndi ya makhonsolo, pakuti kuyambira 1998, pamene lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa, tinagwirizana kuti mphamvu zipite kwa anthu. Mphamvuzo zimabwera ndi udindo.

Yankho limene tidzamve ndi lakuti khonsolo ilibe ndalama. Sindikutsutsa kuti thumba ndi lopyapyala. Koma zambiri zofunika pano sizilira mamiliyoni. Makomiti oona za ngozi alipo kale m'midzi, m'madera a mafumu ndi paboma. Alangizi azaumoyo amadziwa khomo lililonse lokhala ndi khanda kapena wodwala wokhalitsa. Ofesi yosamalira anthu ili ndi mayina a mabanja ovutikitsitsa kudzera mu Mtukula Pakhomo. Chimene chikusowa ndi kulemba kuzizira m'ndondomeko ya boma yokonzekera ngozi, moyandikana ndi madzi osefukira, kuti pofika Epulo zikhale zodziwika kuti ndani akufuna chofunda, holo iti kapena tchalitchi chiti chidzatsekulidwe pafupi ndi msika chenjezo likaperekedwa, ndipo kiyi adzasunga ndani. Amene amagona pamsika ndi omwewo amene amadula tikiti ya khonsolo m'mawa. Kachipinda kotchinga mphepo ndi gawo la zimene analipira kale.

Maesiteti nawo asaime patali. Mu 2016 bungwe la eni tiyi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro, umboni wakuti mbali ziwirizi zikhoza kukhala pansi n'kumvana. Khonsolo ya Thyolo ndi ya Luchenza zikhoza kuwaitanira pagome lomwelo kuti akambirane za miyezi imene wothyola tiyi sali pantchito: nthambi za bulugamu zotsala podula mitengo ziperekedwe mwadongosolo kumidzi yoyandikana, zipatala za m'maesiteti zithandize pochenjeza za chibayo ndi mbaula, alonda ausiku akhale ndi majasi enieni. Mutu umodzi susenza denga.

Ena adzati kusamala okalamba ndi ntchito ya abale. Inde ndi yawo, ndipo ambiri akuyesetsa. Koma m'bale amene naye ntchito yamuthera mu Meyi sangagawe bulangete limene alibe. Apa m'pamene boma laling'ono limaonekera phindu lake.

Choncho inu makhansala, mafumu, aphungu ndi atsogoleri a mipingo a ku Thyolo, musadikire kuti wina apezeke atauma pakhonde la sitolo kuti muyambe kuthamanga ndi mabulangete pamaso pa atolankhani. Pamsonkhano wotsatira wa khonsolo, funsani kuti dongosolo la nyengo yozizira lili pati, ndipo ngati palibe, lilembedwe Epulo asanathe.