Kuzama Kapena Kutambalala pa Maphunziro

Wophunzira wa zaka 16 m'sukulu zotsata maphunziro akunja amafika pamphambano asanalowe ku yunivesite. Njira imodzi ndi ya A-level, imene inayamba ku England m'chaka cha 1951. Kawirikawiri mwana amasankha maphunziro atatu nawakumba mozama kwa zaka ziwiri. Njira ina ndi ya International Baccalaureate, imene inakhazikitsidwa ku Geneva m'chaka cha 1968. Iyi imafuna maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo zinenero ziwiri, masamu ndi sayansi, komanso chimangirizo cha kafukufuku cha mawu osapitirira 4,000 ndi ntchito zothandiza anthu. Kuno ku Malawi, kumene ambiri amalemba mayeso a MSCE, njira yoyamba imapezeka pa Kamuzu Academy ku Kasungu, ndipo yachiwiri pa Bishop Mackenzie ku Lilongwe.

Funso lake ndi lakale ndithu: kodi munthu wophunzira ndi amene adziwa zochepa mozama, kapena amene adziwa zambiri mwa apo ndi apo?

Oikira kumbuyo kuzama amati mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna udokotala ayenera kulimbikira sayansi, pakuti wodwala sadzamufunsa za ndakatulo. Mfundoyi ndi yomveka, koma ili ndi msampha wake. Mwana wosiya masamu pa msinkhu umenewu amadzitsekera khomo la uinjiniya asanadziwe n'komwe ngati akanaukonda.

Oikira kumbuyo kutambalala amati dokotala ndi nzika ya dziko, choncho ayenera kudziwa mbiri ya anthu ake ndi kulankhula nawo bwino. Komabe katundu wotere ndi wolemera, ndipo mwana waluso pa phunziro limodzi angafooketsedwe ndi ena asanu.

Motero palibe njira yoposa inzake kwa ana onse. Cholakwa chimabwera pamene kholo lisankha pofuna kutchuka pakati pa anzake, kapena mwana asankha pothawa phunziro lovuta. Kholo lili ndi udindo wolangiza chifukwa ndilo lilipira sukulu ndipo linaona zambiri, koma wodzasenza zotsatira zake moyo wonse ndi mwanayo.

Tsono wophunzira adzifunse moona mtima ngati wadziwa kale ntchito ya mtima wake. Ngati wadziwa, azame osaopa. Ngati akali kukayika, asafulumire kutseka makomo. Afunsenso aphunzitsi zimene yunivesite imene akuifuna imalandira, pakuti safunsa anadya phula.