Munda umaima ndi masamba

Mmawa uno tiyeni tiganizire za phiri la Nyika. Kumeneko kuli mitundu ya orchid yoposa 200, koma yambiri imachita maluwa m'dzinja mokha. Miyezi yotsalayo, chimene chimagwira maso ndi udzu woonda wogwedezeka ndi mphepo, masamba olimba a protea, ndi mapaini a ku Chelinda. Pakhomo panunso, duwa ndi mlendo. Tsamba ndiye mwini munda. Bzalani masamba otambalala pafupi ndi oonda, okhuthala pafupi ndi ofewa.

Wina anganene kuti masamba onse ndi obiriwira basi. Koma tulukani panja mame asanaume. Pa tsamba losalala la nthochi mame akunyezimira, pomwe pa laubweya la dzungu akhala mbuu, ngati phulusa.