Thukuta la Wopalasa ndi Thukuta la Wodwazika

Kuchokera ku Raylton, dera la mumzinda wa Bulawayo lomwe lidamangidwira ogwira ntchito za njanji, kukafika ku Harare pali mtunda wa makilomita pafupifupi 440. Munthu wamphamvu akhoza kuupalasa pa njinga m'masiku owerengeka, anzake atamulonjeza ndalama pa kilomita iliyonse kuti zithandize mabanja a ana odwala mwakayakaya. Mtunda womwewo amauyendanso mayi yemwe mwana wake wapezeka ndi khansa, pakuti ana ambiri otere amatumizidwa ku chipatala cha Parirenyatwa ku Harare. Wopalasa amalandiridwa ndi nthungululu, pomwe mayiyo amafika mwakachetechete, ndalama ya basi atachita kukongola. Nanga n'chifukwa chiyani dzanja limafewa poona mavuto odzisankhira, koma n'kuuma poona mavuto ochita kugwera munthu?

Maulendo otere si achilendo ku Zimbabwe. M'chaka cha 2018 gulu la Old Legs Tour lidapalasa kuchokera ku Harare mpaka ku Cape Town pofuna kuthandiza okalamba omwe penshoni yawo idatha mphamvu. Ana odwala nawo akusowa thandizo lotero. Bungwe la WHO likuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 alionse odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka ochira safika 30. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kulekera mankhwala panjira kamba kosowa ndalama yoyendera. Choncho khobidi lobwera ndi njinga likhoza kupulumutsa moyo, ndipo kulinyoza n'kulakwa.

Komabe pali msampha. Wopereka akhoza kuyamba kulipira chionetsero m'malo mothandiza wodwala, kotero kuti njinga ikatsamira kukhoma, chifundo chake chimatheranso pomwepo. Chikhalirecho, mankhwala a khansa ina ya m'magazi amatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo nthawi yonseyo wodwazika amasiya munda, geni ndi ana ena kunyumba.

Mbiri ya njanji ya ku Bulawayo ili ndi phunziro pankhaniyi. M'nthawi ya atsamunda ku Raylton kunkakhala azungu, pomwe antchito akuda, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ankakhala m'makomboni onga Sizinda. Pokhala kutali ndi kwawo, anthu obwerawa adakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, ndipo ankasonkha mwezi ndi mwezi popanda wowaombera m'manja. Chidawamanga pamodzi sichinali chisoni chabe ayi, koma kuzindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Njinga tsono ili ngati ng'oma yoitanira anthu kubwalo: ntchito yake ndi kusonkhanitsa, osati kuweruza mlandu. Wopalasa wachita bwino ngati maso omwe amamuyang'ana atembenukira kwa mayi uja n'kukhala pomwepo. Ulendo wake uyesedwe osati ndi makilomita, koma ndi ichi: kodi mwezi wamawa, nthungululu zitazilala, mwana uja adzakweranso basi yopita ku Harare?