Ana anga, siyani tsiku limodzi lopanda mzere

Ana anga amene muli ku Manchester, ku Leicester, ku London ndi kwina konse kumene ntchito inakutengerani, khalani pansi ndikuuzeni. Ndikudziwa kuti mwasunga ndalama chaka chathunthu kuti mupite ndi ana ku Orlando, ku Florida, akamuone Mickey Mouse ndi maso awo. Mwagwira mashifiti ausiku, mwadzimana. Sindikukuletsani, pitani. Koma mapepala amene mumalemba musananyamuke andidetsa nkhawa. Lolemba Magic Kingdom, Lachiwiri EPCOT, Lachitatu Universal, Lachinayi Animal Kingdom, choncho mpaka tsiku lokwera ndege yobwerera, popanda ndi kampata komwe. Tengani cholembera. Pakatha masiku awiri kapena atatu a m'paki, siyani tsiku limodzi losalembapo kanthu, ndipo mulilemekeze monga mmene mumalemekezera tikiti imene mwalipira.

Ndikudziwa chimene muyankhe: "Agogo, talipira zambiri, ndalama yathu isapite pachabe." N'zoona, kulowa ku Walt Disney World tsiku limodzi kumaposa madola 100 pa munthu, ndipo mwana akangokwanitsa zaka 3 nayenso amalipira. Koma werengani bwino tikiti yanuyo. Tikiti ya masiku angapo siikukakamizani kulowa masiku otsatizana, amakupatsani nyengo yotalikirapo yoti muigwiritsire ntchito. Amene akukuthamangitsani ndi mtima wanu womwe. Malowo sanamangidwe tsiku limodzi. Magic Kingdom anaitsegula mu 1971, EPCOT mu 1982, imene lero amati Hollywood Studios mu 1989, Animal Kingdom mu 1998, osawerengera mapaki a Universal. Zimene anthu akhala akumanga kwa zaka zoposa 50, inu mufuna kuzimaliza sabata imodzi, mwana ali kumsana? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ganizirani thupi la mwana. Wakhala m'ndege maola pafupifupi 9, ndipo nthawi ya ku Florida imatsalira maola 5 poyerekeza ndi ya ku Britain. Masiku oyamba amadzuka 4 koloko m'bandakucha chifukwa m'thupi mwake kwacha kale. Ambiri mumapita mu July ndi August, sukulu zikatsekera, nyengo imene kutentha kumafika madigiri 33 ndipo mpweya umakhala wachinyontho moti thukuta siliuma. M'paki munthu amatha kuyenda makilomita 10 kapena kuposerapo pa tsiku, pa simenti yotentha, kenako n'kuima pamzere ola lathunthu kuti akwere chinthu cha mphindi zitatu. Usiku mudikira makombola a ku Magic Kingdom, mufika pogona cha m'ma 11 koloko, m'mawa mumudzutsanso kuti mukapezeke pageti asanatsegule. Tsiku lachitatu mwana adzigwetsa pansi pakati pa anthu, akulira, akukana ayisikilimu amene dzulo ankamulirira. Inu muti wayamba mwano. Musamukalipire, ndipo musamuwerengere ndalama zimene mwawononga. Watopa mwanayo, alibe mawu ena onenera. Ngakhale ng'ombe yapangolo amaimasula goli dzuwa likafika paliwombo.

Woyambitsa mapaki a Disney, Walt Disney, ankafotokoza kuti maganizo omanga paki anamubwerera atakhala pa benchi ku Griffith Park, ku Los Angeles, akudya mtedza, ana ake aakazi awiri akuzungulira pa akavalo amatabwa. Chimene chinamukhudza n'chakuti iye ankangokhala n'kumayang'ana, ndiye anafuna malo amene kholo ndi mwana angasangalalire limodzi. Disneyland ya ku California, imene inatsegulidwa mu 1955, inachokera pamenepo. Tsono taonani mayendedwe anu. Bambo ali patsogolo, maso pafoni, kufunafuna mzere umene wafupika. Mayi ali pambuyo akukankha chikuku. Mwana wamkulu akujambula zoika pa Instagram. Agogo atsalira pangodya, akusaka pokhala. Kumene mumakhala mumasemphana pakhomo, wina akuchokera ku shifiti wina akupita, ana akudya okha patsogolo pa TV. Masiku a ulendowa ndi okhawo pa chaka amene nonse mungakhale pa mbale imodzi popanda woyang'ana wotchi, ndipo inu mukuwathera pamizere. Chimenechi ndicho chikukupulumukani m'manja, ndipo ana akakula simudzachigulanso ndi ndalama iliyonse.

Tsiku lopumalo likafika, zimitsani alamu. Aliyense adzuke yekha. Ana akadzuka, yambani mwaona mapazi awo. Matuza amayambira kuchidendene ndi m'mbali mwa zala, ndipo mwana sanena, amaopa kuti mawa mumusiya. Sambitsani, pukutani bwino, matani pulasitala, thuza musaliboole dala, ndipo ayende wopanda nsapato m'nyumba. Onaninso mkodzo wake. Ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi, mumwetseni madzi pafupipafupi, osati zakumwa zashuga. Khungu lathu lakudali nalonso limapsa ndi dzuwa, wina asakunamizeni. Yang'anani mapewa ndi pamphuno, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa mudzole nonse.

Ambiri a inu mumachita lendi nyumba ku Kissimmee kapena ku Davenport, yokhala ndi khitchini, makina ochapira ndi dziwe losambiramo. Zovala zonunkha thukuta zija ziponyeni m'makina m'mawa momwe. Kenako phikani. Masiku atatu mwadya tchipisi, mabaga ndi nkhuku yokazinga muli chiimire, m'mimba mwa ana mwauma. Mmodzi apite ku Publix kapena ku Walmart akagule tomato, anyezi, nyemba, nsomba ndi masamba. Amene kumeneko amati collard greens sasiyana kwenikweni ndi chomoliya. Ufa woyera wa chimanga umapezeka, si wa kwathu koma nsima imatheka. Mtsikana ndi mnyamata yemwe apatseni mthiko atakaseko, ngakhale nsimayo ituluke ya mibulu. Mwana wobadwira ku Leicester aphunzire kusamba m'manja pambuyo pa akulu ndi kuumba mbamu yake yekha. Mphika uli pamoto, imbani kumudzi. M'miyezi imeneyi ikamakwana 12 koloko masana ku Orlando, ku Lilongwe imakhala 6 koloko madzulo, ndiye mukadikira kuti dzuwa lipendeke mupeza onse atagona. Mwana alankhule yekha ndi azakhali ake, awauze zimene waona m'Chichewa chake chothyokathyokacho. Musamuseke, mukamuseka sadzayesanso.

Kusambira muchite m'mawa. M'nyengo yotenthayi mitambo imasonkhana masana, ndipo dzuwa likapendeka kumagwa mvula ya mabingu pafupifupi tsiku lililonse. Chigawo chapakati cha Florida chimadziwika ku America konse chifukwa cha mphenzi. Mukamva bingu tulutsani ana m'madzi nthawi yomweyo, musati ili kutali.

Pano ndikweze mawu pang'ono, mundikhululukire. Ku America, kumira m'madzi ndi kumene kumapha ana a zaka za pakati pa 1 ndi 4 kuposa china chilichonse. Mwana womira sakuwa, saphupha ngati m'mafilimu, amangomira mwakachetechete inu muli pomwepo mukucheza. Tsiku lopuma ndi limene maso a makolo amagona, chifukwa aliyense amaganiza kuti zoopsa zatsala kupaki. Sankhani munthu wamkulu mmodzi, mumutchule dzina, kuti mlonda ndi iyeyo. Asagwire foni, asagwire botolo la mowa. Akatopa apereke udindowo kwa wina ndi pakamwa, winayo avomere momveka. "Ndimayesa ali ndi iwe" ndi mawu amene sindifuna kudzawamva m'banja langa. Mukatuluka m'madzi, khomo la kudziwe litsekedwe ndi loko. Tinyanja ndi timadamu timene mukutiona m'mbali mwa misewu ndi kuseri kwa nyumba, mwana asatiyandikire, makamaka madzulo. Ng'ona za kumeneko, zimene amati alligator, zimatha kupezeka m'dziwe lililonse, ngakhale lokumba anthu.

Mvula ikayamba musadandaule, yakuthandizani. Wofuna tulo agone. Otsalanu sonkhanitsani mafoni onse m'mbale imodzi, ya bambo ikhale yoyamba. Sewerani makhadi. Wina aponye "Chilape!" ana aphunzire kuyankha "Nachize!" Ana athu amadziwa mayina a akalonga ndi ana a mafumu onse a Disney, koma mukawafunsa za Kalulu ndi Fisi amangophethira. Vuto si lawo, palibe anawakhazika pansi. Yambani "Padangotero," muwaphunzitse kuvomera "Tili tonse," ndipo nthanoyo muikambe mpaka kumapeto ngakhale mwaiwala pakati, pezani podutsira. Pa nthawi ngati imeneyi ndi pamene mwana amaulula zakukhosi. Mudzamva kuti sitima yothamanga mokhotakhota ija, imene bambo ankanyadira kuti mnyamata wawo wakwera, anaikwera akunjenjemera pofuna kusangalatsa bambowo. Mudzamva kuti chimene chamukomera koposa ndi abakha amene anawaona pafupi ndi mlatho. Mudzamvanso za mnzake wa kusukulu amene amamuzunza, nkhani imene waisunga miyezi. Musamudule mawu, musafulumire kumulangiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati miyendo ikukuyabwani ndithu, tulukani, koma kwa maola awiri kapena atatu okha. Kumpoto kwa Orlando, pafupi ndi Apopka, kuli Wekiwa Springs State Park, kumene madzi oyera amatumphuka pansi ndipo amakhala pa madigiri 22 chaka chonse. Kulowa ndi madola ochepa pa galimoto, koma malo amadzaza msanga, ndiye fufuzani musananyamuke. Pakati pa mzinda pali Lake Eola, kanyanja kozunguliridwa ndi njira yoyendamo wapansi ndi mitengo ya mthunzi, ndipo Lamlungu pamakhala msika. Ana okonda kukwera zinthu angakwere Skyliner, tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba timene tinayamba mu 2019, popanda tikiti ya paki. Ku Disney Springs kulowa n'kwaulere, koma chenjerani, ndi masitolo okhaokha, ndipo kutuluka kwake si kwaulere. Za Kennedy Space Center musadzinamize. Ndi malo abwino, mwana akaona chombo cha Atlantis ndi roketi ya Saturn V sadzaiwala, koma ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto kulowera kum'mawa ndipo kumeneko mudzayenda tsiku lonse. Liwerengeni ngati tsiku la paki. Tsiku lopumalo likakhala lopemphera, kapemphereni. Akatolika ali ndi tchalitchi cha Mary, Queen of the Universe, pafupi ndi Disney pomwepo, chimene chinamangidwira alendo ngati inu, ndipo mipingo ina ndi mizikiti ziliponso mumzindamo.

Tsopano za ife agogo amene mumatitenga. Timathokoza, si onse amakumbukira makolo. Koma ndaona chizolowezi ichi: tsiku lopuma likafika, bambo ndi mayi avala, ati "Amayi, tikubwera posachedwa," apita ku masitolo a zovala zotsika mtengo a ku International Drive, abwerako usiku ndi majumbo. Gogo watsala ndi ana atatu ndi dziwe panja, mawondo atatupa ndi mayendedwe a dzulo. Sadzadandaula, ife a msinkhu uwu tinaleredwa kusadandaula kwa mwana amene watigulira tikiti ya ndege. Inu ndiye muone. Mufunseni ngati wamwa mankhwala ake a BP ndi shuga pa nthawi yake, chifukwa kusintha kwa maola kumasokoneza. Mukwezereni miyendo pa pilo. Mawa lake mubwerekereni chikuku pageti, amabwereketsa, ndipo akakana ndi manyazi muumirizeni. Ngati kugula zovala n'kofunika, apite mmodzi, wina atsale.

Inunso awiri, ana akagona masana, khalani pakhonde muwerengetsere ndalama zimene zatsala. Lankhulani motsitsa mawu. Maulendo ambiri amaonongeka chifukwa wina akugula ndi khadi la ngongole osamuuza mnzake, ndipo mkangano wake umaphulika pamzere, pamaso pa ana, dzuwa likuswa mtengo. Gwirizanani lero kuti mwana aliyense agulidwa chidole chimodzi, muwauze asanalowe m'paki. Madzi musagule, nyamulani mabotolo anu, ndipo m'malo ogulitsa zakudya zofulumira a m'mapaki a Disney amapereka kapu ya madzi ozizira kwaulere mukapempha.

Dzuwa likalowa, longedzani chikwama cha mawa: zipewa, mapulasitala, masokosi ouma, majasi a mvula apulasitiki. Itanani ana, aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene akufunitsitsa kukwera kapena kuona, agogo nawonso asankhe chawo. Lembani zimenezo zokha papepala, zina zikapezeka zipezeke. Wamng'ono kwambiri mulembereni nambala ya foni yanu pa kapepala, muike m'thumba mwake, ndipo mumuphunzitse kuti akasochera aime pomwepo n'kuuza wantchito wovala baji ya dzina. Ikamakwana 8 koloko ana akhale atagona, ndipo inu musapitirire 10.